Za nsapato zopalasira njinga: yambani mwaona soli ndi chidendene

Achimwene, mwati mumapalasa kuchoka ku Mufakose kupita kuntchito ku Msasa muno mu Harare, phazi limaterereka pa pedulo ndipo zala zimachita dzanzi. Za matayala ndi chishalo akuyankhani ena, ine ndinene za nsapato zokha.

Mukaipeza, igwireni kutsogolo ndi kuchidendene muyese kuipinda. Ikapindika, isiyeni. Soli yofewa imakhota mukangoponda, mphamvu yonse imathera pakamalo kamodzi pansi pa phazi, dzanzi limayambira pamenepo. Yolimba imagawa kulemerako phazi lonse. Koma awo akuti popanda soli ya carbon palibe chanu akungofuna kukuonongetsani ndalama. Carbon ndi ya anthu a mpikisano. Paulendo wanuwo soli ya nayiloni ikukwanirani.

Mukavala, mangani bwino muimire zala. Chidendene chikamatuluka, phazi lizisewera m'kati ndipo bondo ndi limene lidzalipire. Zala zokha zikhale ndi mpata. Kayeseni masana mutavala sokosi zomwe mumapalasira, chifukwa phazi limatupa kukatentha, makamaka dzuwa la Okutobala lija.

Tembenuzani nsapatoyo muwerenge mabowo a pansi pa soli, momangamo cleat, kachipangizo kamene kamakola nsapato pa pedulo. Awiri ndi a mtundu wa Shimano SPD, atatu ndi a SPD-SL kapena Look Keo, ndipo cleat ya mtundu wina silowa pa pedulo ya mtundu wina. Muno mu Harare tengani ya awiri, chonde. Cleat yake ndi kachitsulo kamene kamabisala m'kati mwa soli, mutha kutsika n'kuyenda bwinobwino, ndipo mapedulo ambiri a SPD amalowa mbali zonse ziwiri. Cleat ya mabowo atatu imatuluka kunja, ndi yapulasitiki, imaterera pa tala komanso sichedwa kudyeka. Taganizani muli pamsewu wa Samora Machel, magetsi azima, maloboti sakugwira, kombi yangoima mwadzidzidzi patsogolo panu. Phazi lifunika lifike pansi nthawi yomweyo. Poyamba kumene gulani cleat ya SH56, imene imachoka mosavuta kuposa SH51, mumasuleko kasikuluwu ka pa pedulo kamene kamalimbitsa kagwiridwe ka cleat, muphunzire kupotoza chidendene kunja mutatsamira khoma la pakhomo musanalowe mumsewu.

Pa kaunjika ndiye samalani kwambiri. Munthu wina anandigulitsa peyala yooneka yatsopano, atapukuta mpaka kunyezimira. Ndikukwera chitunda pamsewu wa ku Domboshava, soli inamatuka kuyambira kuchidendene, n'kutsala pa pedulo, phazi lili m'mwamba. Guluu anali atauma kalekale, ndipo kachitsulo kam'kati kolowamo mabauti kanali dzimbiri lokhalokha. Mpaka lero zimandipweteka, chifukwa kumbuyo kwanga kukanakhala galimoto tikanakamba zina. Ndiye lowetsani chikhadabo m'mbali monse mwa soli, chotsani kansalu kam'kati muone chitsulocho, ndipo muyese bauti pompo. Wogulitsa akakana, chokanipo.

Mitengo imasintha, koma zakale zabwino ku msika wa ku Mbare zitha kutsika mtengo mukanenerera. Zatsopano m'mashopu a njinga muyembekezere mtengo wokwera, mapedulo padera. Ngati thumba silikulola, pedulo yaikulu ya mano ndi nsapato ya soli yolimba zithetsa kutererekako.

Pomanga cleat, iikeni pansi pa mfundo ya kuseri kwa chala chachikulu kapena kumbuyo kwake pang'ono, osati kuzala. Pakani girizi pa mabauti, mangani ndi Allen key ya 4 mm, ndipo mukaonenso pakatha sabata chifukwa amamasuka. Bondo likayamba kuwawa musaumirire, tsikani musunthe cleat.