Nsomba za m'nyanja yamchere ku Malombe? Ine ndikukana

Achimwene, mwafunsa ngati tingathire nsomba zikuluzikulu za m'nyanja yamchere ku Malombe kapena m'nyanja ya Malawi, kuti alendo okonda kuwedza ndi mbedza azibwera kuno ku Mangochi poti chambo chinachepa. Nkhawa yanuyo ndi yanganso. Ndinakulira pagombe, ndipo ndikamaona chambo cholingana ndi chikhatho chikugulitsidwa pa mtengo wa nkhuku mtima umandiwawa.

Nsomba zambiri za m'nyanja yamchere sizingakhale m'madzi athuwa. Kwawo zimamwa madzi n'kumatulutsa mchere kudzera m'makha. Mukaziika muno, madzi amalowerera m'thupi, mchere wa m'magazi n'kumatha, basi zimafa. Koma zilipo zochepa zopirira. Ku South Carolina, ku America, atatseka mitsinje pomanga madamu a Santee Cooper chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, nsomba yotchedwa striped bass inatsekeredwa mkati, ndipo inayamba kuswana komweko. Ku Texas amathira red drum m'madamu a Calaveras ndi Braunig pafupi ndi San Antonio, omwe madzi ake amafunda chifukwa cha makina opangira magetsi. Imeneyo imakula bwino koma siiswana, amachita kuthiramo tiana tina mobwerezabwereza.

Onani bwino, onsewa ndi madamu omangidwa ndi anthu. Yathu ya Malawiyi ndi nyanja yakalekale, yokhala ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndipo yambiri simungaipeze kwina. N'chifukwa chake mu 1984 UNESCO inaika paki ya ku Cape Maclear pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Kaimeni pamwala ku Thumbi, muponye nyenyeswa za buledi m'madzi, muone mbuna zabuluu ndi zachikasu zikukuzungulirani miyendo. Alendo amaulukira kuno kudzaona zimenezo.

Nsomba yomwe owedza amaikonda ndi yolusa, imadya zinzake. Ku nyanja ya Victoria anathiramo Nile perch m'zaka za m'ma 1950. Imeneyo si ya m'madzi amchere, koma maganizo ake anali ngati anuwa: tibweretse nsomba yaikulu. Pofika m'ma 1980 inali itadzaza nyanja, ndipo mitundu yambirimbiri ya tinsomba ta pachibale ndi mbuna ndi utaka wathu inazimiririka. Mpaka lero palibe amene waichotsamo.

Musaganizenso kuti ku Malombe n'kwapadera. Shire amatuluka m'nyanja, kudutsa pansi pa mlatho wa pa boma paja, n'kulowa m'Malombe. Chimene mwathira uko mawa chili ku Makanjira ndi ku Monkey Bay. Mathithi a Kapichira ndi anzake a mumtsinje wa Shire ndi amene akhala akutchinga nsomba zolusa za ku Zambezi kuti zisakwere kuno, ndiye ife tizichita kunyamula pa galimoto? Lamulo la za nsomba la 1997 nalonso silikulolani kuthira nsomba yachilendo popanda chilolezo cha boma.

Ngati nkhani ndi yoti mlendo amve kukoka, kampango alipo. Bambo anga ankabwera naye m'mamawa, nsombayo itagona m'bwato ngati mwana, chingwe chitawacheka zala. Mcheni amathamangira nyambo mwaukali, bombe ndiye musanene. Zimenezi zikuchepa chifukwa cha maukonde a udzudzu omwe tikukokera m'mabango momwe tiana timabisala, komanso kupha chambo mu Novembala ndi Disembala mazira ali m'kamwa. Ndalama zomwe mukufuna kugulira nsomba zakunjazo, kambiranani ndi komiti ya pagombe panu, mugule mafuta a boti yolondera m'miyezi yotseka nyanja.