Za nsapato ndiyankha, koma umvenso za amalume ako

Eee, moni nonse m'gulu muno. Azakhali, ndaona kuti muli pa foni, mwaswera bwanji? Ndimuyankhe msuweni wangayu, wafunsa m'mawa kuti agule nsapato zanji za ulendo wake wa ku Everest Base Camp, msasa wa m'tsinde mwa phiri la Everest ku Nepal. Ndachedwa dala, ndimafuna ndikhale kaye pansi.

Iwe msuweni, nsapato? Iweyo, woti kuyambira uli mwana sunalolepo munthu akusankhire ngakhale sokosi? Funso lakoli walitumiza pamodzi ndi chithunzi cha pulogalamu ya ulendo, ndipo ine maso anga akakamira pa chithunzipo. Koma chabwino. Gula zofika mu akakolo, zosalowa madzi, zokulirapo pang'ono moti ukavala sokosi zokhuthala chala chimodzi chizilowa kumbuyo kwa chidendene. Potsika phiri phazi limathawira kutsogolo, zikathina zikhadabo zimada kenako n'kuzuka. Ukaziyese madzulo, mapazi atatupa. Ugule panopa, uziyendere miyezi 2 kapena 3, Loweruka lililonse ku Domboshava kapena ku Ngomakurira, chikwama chili kumsana. Matuza atulukire kuno ku Harare, asakatulukire ku Nepal. Za nsapato ndi zomwezo.

Aaa, dikira, ndisanaiwale. Pasipoti yako ndi ya Zimbabwe eti? Ya Malawi ija azakhali sanaitsatirenso... chabwino, tisaiyambe nkhani imeneyo. Wa pasipoti ya Zimbabwe sapatsidwa viza pa bwalo la ndege ku Kathmandu ngati mmene amachitira ndi anthu a mayiko ambiri. Umayenera kuitenga usananyamuke, ndipo ofesi ya kazembe wa Nepal yapafupi ndi ife ili ku Pretoria. Yamba ndi imeneyo usanalipire tikiti.

Tsono njira yake ili chonchi. Kathmandu ali pa mamita pafupifupi 1,400, n'chimodzimodzi kuno kwathu, thupi silidabwa. Kuchoka apo ndi kandege kakang'ono kupita ku Lukla, ngati theka la ola, ndipo nyengo ya alendo ambiri ndegezo zimanyamukira ku Ramechhap, maola 4 kapena 5 pa galimoto, unyamuke usiku. Katundu amalola makilo 15 basi, chachikulu ndi cha m'manja pamodzi. Lukla ali pa 2,860. Wamva? Ungotsika ndege, wapitirira kale nsonga ya Nyangani, yomwe ndi 2,592. Tsiku loyamba umatsika pang'ono kukagona ku Phakding. Lachiwiri ndi chitunda chokwera ku Namche Bazaar, 3,440, apo Sapitwa wa ku Mulanje ndi 3,002 yake wamusiya m'munsi. Kenako Tengboche, kenako Dingboche pa 4,410, Lobuche cha m'ma 4,900, Gorak Shep kupitirira 5,100, msasa weniweniwo 5,364. Kupita ndi kubwera ndi makilomita pafupifupi 130. Mtundawo si nkhani, ayi. Munthu wozolowera kuyenda amaumaliza. Nkhani ndi mpweya. Pamsasa paja ukapuma kamodzi umakoka ngati theka la mpweya umene ukanakoka utaima m'mphepete mwa nyanja ku Beira.

Ndiye... eee, ndikukumbutse za amalume ako a ku Mufakose, bambo anga aang'ono. Iwe unali wamng'ono, unangomva anthu akuseka. Chaka chija anapuma ntchito ku njanji, ndalama zitatuluka, pambuyo pa maliro a agogo... ayi, ndalakwitsa, maliro anabwera pambuyo, chinali chaka cha chiliza cha agogo aamuna. Anzawo awiri anawakopa kuti tiyeni ku Kilimanjaro. Ndipo munthu ujatu anali ndi mphamvu, azakhali andichitira umboni. Thumba la chimanga la makilo 50 ankaliponya paphewa pa Mbare Musika mpaka pa basi osalitsitsa. Njinga kuchoka ku Mufakose kupita mtauni tsiku ndi tsiku. Mowa sanaulawepo, fodya ayi, mkulu wa mpingo.

Anatenga njira ya Marangu, yogona m'tinyumba ija. Njira imeneyo amaigulitsa pawiri, ya masiku 5 ndi ya masiku 6. Kusiyana kwake ndi usiku umodzi wowonjezera pa Horombo, pa mamita 3,700 ndi pang'ono, kuti thupi lizolowere. Amalume ako anati ndilipirenji tsiku longokhala, ine sindinabwere kudzagona. Anasankha ya 5. Tsiku loyamba anafika pa Mandara, malo ogona oyamba, gaidi asanafike. Lachiwiri chimodzimodzi, gaidi akuti pole pole, ndiye kuti pang'onopang'ono, iwo akuti ana inu mwatopa kale? Madzulo ake pa Horombo mutu unayamba. Sananene. Anameza mapilitsi a mutu ali m'bulangete, chakudya anangochitosa, atafunsidwa anati mchere wachepa. M'mawa ananyamuka ndi anzawo kukwera mamita enanso 1,000 kupita ku Kibo, malo ogona omaliza usanakwere nsonga. Pofika uko anasanza kawiri kuseri kwa kanyumba, n'kukwirira ndi mchenga kuti asaonedwe. Chomwe chinawaulula ndi zingwe za nsapato. Gaidi anawapeza atakhala pa bedi, zingwe zili m'manja, akuzitembenuzatembenuza, osadziwa kuti azimange bwanji. Anawatulutsa panja, anajambula mzere pansi ndi ndodo, anati bambo yendani apa, chidendene chizigunda chala. Mapazi awiri okha, anadzandira ngati aledzera, munthu wosamwa uja. Usiku womwewo anawamangirira pa machira a tayala limodzi aja, anyamata anathamanga nawo kutsika. Pofika pa Horombo anayamba kuzindikira anthu. Pofika pa geti anali akufunsa ngati kuno nsima imapezeka.

Anthu amaiseka nkhaniyi pa maukwati, chifukwa cha nsimayo. Ine sindiseka. Kudzandira kuja ndi kuiwala zingwe kuja ndi ubongo utayamba kutupa, ndipo akanagona pa Kibo usiku umenewo tikanakamba zina. Nsapato zawo zinali zabwino kwambiri, mpaka lero zili pamwamba pa wodiropu, pita ukazione.

Matenda a m'phiriwa, obwera ndi kuchepa kwa mpweya, sasankha kuti uyu ndi wamphamvu. Kawirikawiri wamphamvuyo ndi amene amapweteka, chifukwa miyendo imamukweza msanga kuposa mmene magazi angazolowerere. Madokotala a za m'mapiri amati ukadutsa mamita 3,000, malo ogona asamakwere kuposa 500 pa usiku umodzi, ndipo masiku 3 kapena 4 aliwonse pakhale tsiku logona malo omwewo kawiri. Tsiku limenelo sumagona chigonere ayi, umakwera kaphiri kapafupi masana n'kubwerera kudzagona m'munsi. Mutu, nseru, kusafuna chakudya, kusowa tulo, zimenezo zikayamba sukweranso mpaka zitatha. Zikamakula, umatsika, mamita 500 kapena 1,000 amasintha munthu. Koma ukayamba kubanika uli chikhalire, kutsokomola konyowa, makhololo a thovu, amenewo ndi madzi m'mapapo. Ukamadzandira kapena kuyankhula zosamveka, ndi ubongo. Ziwiri zimenezi sadikira kuti kuche, amatsika nawe nthawi yomweyo. Ku Pheriche kuli kachipatala ka Himalayan Rescue Association, kamagwira ntchito nyengo za alendo, ukadutse umve zomwe amaphunzitsa. Mankhwala alipo, Diamox, ambiri amamwa 125 mg m'mawa ndi madzulo kuyambira tsiku limodzi asanakwere. Ukaonane ndi dokotala kuno, umuuze ndi mapilitsi ako ena aja, ukudziwa amene ndikunena. Amachititsa dzanzi m'zala ndi kukodza pafupipafupi, usadabwe. Amathandiza, koma salowa m'malo mwa tsiku lopuma.

Tsono ndibwere pa chithunzi chako. Ndawerenga, masiku 10. Namche usiku umodzi, m'mawa Tengboche. Dingboche usiku umodzi, m'mawa Lobuche. Ya masiku 12 ndi njira yomweyo, malo omwewo, kungoti ku Namche umagona kawiri, ku Dingboche kawiri. Masiku awiri amene akuchotserawo, kuti mtengo utsike ndi tchuthi chikwane, ndi a Horombo aja a amalume ako. Ndipo ndikudziwa chomwe umafuna. Umafuna ndiyankhe za nsapato, ndisatchule masikuwo, mawa ukawauze azakhali kuti msuweni waiona pulogalamu ndipo sananene kanthu. Ndanena tsopano, pamaso pa onse. Ya masiku 10 usalipire. Tenga ya 12.

Tchuthi chikuchepa, ndamva, ndipo ndalama zinapita zambiri kwina, sindikukuweruza. Koma werengera bwino. Masiku 12 a m'phiri, kuwonjezera 2 ongosungira, chifukwa ku Lukla mitambo ikatseka ndege sizitera, anthu amakhala masiku akudikira. Kuwonjezeranso ulendo wochoka kuno kudzera ku Doha kapena ku Dubai, kupita ndi kubwera. Ndi masiku 18 amenewo. Ngati abwana sakupatsa mu October kapena November muno, sunthira ku March, April kapena May, nyengo inanso yabwino ndi imeneyo. Kuyambira June mpaka mu September ndi mvula, usayerekeze.

Ndalama ukhoza kupulumutsa kwina. Jekete lokhuthala ndi chikwama chogonamo amabwereketsa ku Thamel mu Kathmandu, ufunse chopirira kuzizira kwa madigiri -15 kapena kuposa. Majuzi ndi mabuluku ukasankhe pa kaunjika ku Mupedzanhamo, kungoti asakhale a thonje, thonje likanyowa ndi thukuta siliuma ndipo limakuzizira. Pa inshulansi pokha usaumire, papepala palembedwe kuti akulipirira kuyenda mpaka mamita 6,000 ndi helikoputa yomwe, chifukwa zambiri za maulendo wamba zimathera m'munsi. Ndalama za m'thumba utenge za kumeneko zokwanira uli ku Kathmandu, kumtunda kutchaja foni ndi madzi otentha osamba amalipiritsa, ndipo mtengo umakwera pamodzi ndi phiri. Chakudya, dya dal bhat, mpunga ndi mphodza ndi masamba, amakuwonjezera ukafuna. Nyama ukadutsa Namche isiye, kumtunda sapha ziweto, imachita kunyamulidwa pamsana masiku angapo. Madzi malita 3 kapena 4 pa tsiku, owiritsa kapena othira mankhwala. Ukakumana ndi ng'ombe zawo zonyamula katundu zija, ma yak, ima mbali ya phiri, osati ya phompho. Eee, ndiponso nsonga ya Everest pamsasa paja sioneka bwino, amakaionera pa kaphiri ka Kala Patthar m'mamawa, uonetsetse kuti ilipo pa pulogalamu.

Ndiye uwalembere a kampaniwo usiku uno, uwafunse kuti ku Namche mausiku angati, ku Dingboche angati, nanga mmodzi akadwala amatsika naye ndani gulu likamapitirira. Akati umodzi umodzi, asiye, ngakhale atsitse mtengo bwanji. Awiri ku Namche, awiri ku Dingboche, ndipo mutu ukangoyamba umuuze gaidi ola lomwelo, usakameze mapilitsi m'bulangete.

Azakhali, musamuletse, apite, ulendowu ndi wotheka ndithu. Kungoti wa masiku 12. Iwe, akakuyankha unditumizire pulogalamu yatsopanoyo ndiwerenge mausiku ndekha, ndipo Loweruka ndikupeze pa Domboshava 6 koloko, nsapato zili kuphazi.