Mukapereka kwa wina kuti akusokereni, ikhalabe mphatso yanu?

Mayi ena andilembera pa imelo. Amaliza mabuloko 30 a sampler quilt yoti akapereke pa ukwati wa mwana wawo wamwamuna, ndipo tsopano akuopa kulowetsa chinsalu chonsecho pa makina awo aang'ono a m'nyumba. Amaganiza zotumiza kwa munthu amene ali ndi makina aakulu aja a longarm, osokera magawo a chofunda pamodzi, koma mnzawo wawauza kuti akatero ndiye kuti si ntchito ya manja awo. Akufunsa kuti atani.

Mayi, mawu a mnzanuwo ine ndinawamvapo ndi makutu angawa, ndipo kalata yanu yandidzutsira mkwiyo umene ndinkayesa kuti unatha kalekale.

Kwa amene angolowa kumene m'zosokasokazi: quilt ndi chofunda cha magawo atatu. Pamwamba pamakhala nsalu ya zigamba zolumikizalumikiza, pakati thonje, pansi nsalu ina yaikulu. Sampler ndi chofunda chimene buloko iliyonse, kutanthauza kachigawo ka makona anayi kopangidwa ndi zigamba, ili ndi kasokedwe kakekake, apa nyenyezi, apo timakona, uko zopindika. Kulumikiza zigambazo ndi ntchito ina, ndipo kusoka magawo atatuwo pamodzi kuti thonje lisamayendeyende m'kati ndi ntchito inanso. Mayi athuwa yoyambayo atsala pang'ono kumaliza, kwangotsala kulumikiza mabulokowo. Yawaimitsa mutu ndi yachiwiriyi.

Chofunda changa chachikulu choyamba ndinasokera mayi anga. Ndinayamba ndi buloko yotchedwa Nine Patch poti ndi yosavuta, kenako Churn Dash, Log Cabin, Ohio Star, mpaka ndinalimba mtima n'kuyesa Drunkard's Path, ija ya misoko yokhota imene imafuna mapini ambirimbiri pa kansalu kosakwana chikhatho. Madzulo aliwonse ndinkayala mabulokowo pansi n'kumawasinthasintha malo, ndili chiimire pampando kuti ndione bwino kuchokera pamwamba. Nsalu ya pamwamba itatha, ndinaitengera kwa anzanga amene tinkasoka limodzi ndipo ndinatchula, mongocheza, kuti ndikuganiza zopereka kwa wa longarm. Panali mayi ena achikulire, aluso ndithu, amene msoko wawo wapamanja sungausiyanitse ndi wa makina. Sanakweze ndi mutu womwe. Anangoti, "Ndiye mukawauza mayi anu kuti wasoka ndani?" Ena anaseka. Ine ndinapinda nsalu yanga mwakachetechete, ndipo mumtima ndinalumbira kuti ndisoka ndekha ngakhale zivute bwanji.

Zinavutadi. Makina ambiri a m'nyumba ali ndi mpata wa mainchi 6 kapena 7 okha pakati pa singano ndi thupi la makinawo, ndipo kuti musoke pakati pa chofunda, theka lake lonse liyenera kudutsa pampata umenewo. Ndinkachikulunga, mbali ina n'kuikoleka paphewa, ina pamiyendo, ina itatsamira pampando umene ndinaukokera pafupi ndi tebulo. Chikangotsetsereka pang'ono, kulemera kwake kunkakoka singano, msoko n'kutalika apa, kufupika apo, nthawi zina singano n'kuthyoka kuti thyo. Kunali ngati kusambitsa mwana amene sakufuna madzi: ukagwira mkono, mwendo wathawa. Mapewa ankandiwawa mpaka usiku, ndipo mayi anga, amene ankabwera kudzationa, ankandipeza ndili m'kati mwa chimulu cha nsalu, tsitsi lili nyankhalala, ndikusomola msoko ndi kampeni.

Ndinamaliza. Nditawapatsa analira, anachisisita, anaitana aliyense kuti adzaone. Kenako anachipinda bwinobwino n'kuchiika m'kabati, iwo n'kupitiriza kufunda bulangeti lawo lakale lothothoka ubweya. Patapita nthawi ndinawafunsa. Anati, "Mwana wanga, ndinakuona mmene unavutikira. Ndingachifunde bwanji chimenechi? Nanga chikang'ambika?"

Ndiye mnzanuyo mukamufunse kuti phindu la kuvutika kwangako linali chiyani. Mayi achikulire aja anakhutira, inde. Koma amene ndinkawasokera anaona thukuta langa lokhalokha pa nsaluyo, moti sanathenso kugona nacho.

Ndipo nkhani yoti munthu mmodzi ayenera kuchita zonse yekha, kuyambira kudula mpaka msoko womaliza, anthu amainena ngati lamulo la makolo, pamene mbiri ya ntchitoyi ikunena zina. Ku America m'zaka za m'ma 1800, mayi ankalumikiza zigamba kunyumba kwake, koma ikafika nthawi yosoka magawo atatu ankaitana anzake, n'kukhala mozungulira chimango chathabwa, aliyense ndi singano yake. Ku Baltimore, m'zaka za m'ma 1840, kunatchuka zofunda zimene buloko iliyonse inali yosiyana ndi inzake, ndipo zambiri zinali ndi mayina a anthu osiyanasiyana olembedwa pa mabulokowo, n'kuperekedwa kwa munthu mmodzi ngati mphatso. Palibe amene ankati mphatsoyo yachepa chifukwa manja anachuluka. Lero zina mwa zofunda zimenezo zili m'nyumba zosungiramo zinthu zakale ndipo anthu amakaziona atagwira pakamwa.

Ndikudziwa kuti wina atchula Jane Stickle. Nthawi zonse amatchulidwa. Mayi ameneyu, wa ku Vermont, anasoka sampler ya timabuloko 169 tating'onoting'ono, kuwonjezapo timakona tozungulira m'mphepete, zidutswa zonse 5,602, ndipo analembapo chaka cha 1863, nkhondo yapachiweniweni ya ku America ili m'kati. Chofundacho chimasungidwa ku Bennington Museum, ndipo amachionetsa kwa masabata ochepa okha pachaka poopa kuti kuwala kungachiwononge. N'chodabwitsa, sindikukana. Koma mwana wanu ndi mpongozi wanu sakufuna chinthu chotulutsidwa kamodzi pachaka. Akufuna chofunda choti akagone nacho, ana akadzabadwa adzachikodzere, chichapidwe, chiyanikidwe, chibwererenso pabedi.

Chimene chimandiseketsa n'chakuti anthu okonda kunena za manja enieniwa amadula nsalu zawo ndi mpeni wozungulira uja, umene kampani ya Olfa ya ku Japan inatulutsa mu 1979. Agogo awo ankadula kachidutswa kalikonse ndi sizasi, atajambula ndi pensulo mozungulira kakatoni. Sindinamvepo wina akunena kuti wodula ndi mpeni wozungulira ndi wakuba. Thonje la pakati amagula lopangidwa kale, ulusi amagula, nsalu sanaombe okha. Malire a "ntchito ya manja ako" aliyense amawaika pamene iye mwini walekezera. Ine ndatopa nazo, ndipo ndinene mosabisa: mawu otere si malangizo, ndi kudzikweza basi.

Komanso taonani zimene mwachita kale. Mabuloko 30 osiyana ndi maphunziro 30. Wosoka chofunda cha buloko ya mtundu umodzi amaphunzira kamodzi n'kumangobwereza, pamene inu buloko iliyonse munayamba ngati mlendo. Ndipo sampler siikhululuka pa msoko. Msoko uyenera kudya kota ya inchi, pafupifupi mamilimita 6, ndipo ukangodya mopitirira ndi kaulusi kamodzi, buloko ya misoko iwiri siionetsa kanthu koma ya misoko isanu ndi itatu imatuluka yaing'ono. N'chifukwa chake pa sampler iliyonse pamapezeka buloko imene imayenera kukhala mainchi 12 ndi theka koma yatuluka 12 ndi kota. Ikakhalapo yotere musaitaye, ndipo musadule anzake kuti afanane nayo, mungadule nsonga za nyenyezi. Izungulizeni ndi kamzere kakang'ono ka nsalu ya mtundu wofanana ndi nsalu imene yazungulira nyenyeziyo, kenako muidule kufika pa muyezo. Timizere ta nsalu tolekanitsa mabuloko tija timabisa zambiri, ndipo ndi timene timachititsa kuti mabuloko osiyanawo aoneke ngati a banja limodzi.

Pamene ndili pa mitundu, pali funso limene simunandifunse koma ndikufunsani ine. Mpongozi wanu anaionapo nsaluyi? Sindikunena kuti muulule chinsinsi. Koma chofunda cha bedi lalikulu chimalamulira chipinda chonse, ndipo chipindacho ndi chake. Ngati mabuloko atha kale, mwatsala ndi mwayi pa timizere tolekanitsa, nsalu ya m'mphepete ndi ya pansi. Funsani mwana wanu mochenjera kuti mkazi wake amakonda mitundu yanji, kuti mwina chofundacho akachitembenuza apeze mtundu umene iye akanasankha. Ndiponso ngati muli nsalu yofiira kapena yabuluu wakuda imene simunaichape musanadule, nyowetsani kachidutswa kotsala n'kukatsindika pa nsalu yoyera. Ikachucha mtundu, ndi bwino mudziwe panopa kusiyana n'kuti adzadziwe iwo pochapa koyamba.

Tiyeni tiwerengere kukula kwake. Mabuloko 30 a mainchi 12 (theka lija limathera m'misoko powalumikiza), asanu m'lifupi ndi asanu ndi limodzi m'litali, ndi mainchi 60 kwa 72. Mukaika timizere ta mainchi 2 pakati ndi kuzungulira, zifika 72 kwa 86. Mukawonjeza nsalu ya m'mphepete ya mainchi 6 mbali zonse, ndi 84 kwa 98, kapena kuti pafupifupi masentimita 213 kwa 249. Ndiye kuti mainchi 42 a nsalu, thonje ndi nsalu ina ayenera kudutsa pa kampata kaja ka mainchi 6 kapena 7. Mantha anuwo ali ndi chifukwa.

Ngati mufunabe kusoka nokha

Zimatheka, ndipo ena amazikonda. Yalani nsalu ya pansi yosita bwino, muimate ndi tepi kuti ikhale yowongoka koma osaikoka kwambiri, thonje pamwamba pake, kenako nsalu ya zigamba. Mangani ndi mapini otseka, kusiya mpata wa chikhatho chimodzi pakati pa pini ndi inzake. Ikani phazi la makina lotchedwa walking foot, limene limakoka nsalu ya pamwamba mofanana ndi ya pansi kuti pasakhale makwinya, ndipo talikitsani msoko kufika mamilimita 3. Yambani ndi mizere yowongoka yotsata timizere tolekanitsa, kuchokera pakati kupita kunja, kuti chofunda chigwirane. Mabulokowo mudzawasoka pambuyo imodziimodzi. Onani papepala la thonje lanu, opanga amalemba kutalikirana kumene misoko siyenera kupitirira. Ikani tebulo lina kumanzere ndi kumbuyo kwa makina kuti chofunda chisalendewere. Ndipo poti mabuloko anu simunawalumikize onse, muthanso kuchigawa m'zigawo ziwiri kapena zitatu, kusoka chilichonse pachokha ndi thonje lake, n'kudzazilumikiza pomaliza.

Koma mwandifunsa maganizo anga, ndipo ukwati uli ndi tsiku. Tumizani. Mukatumiza, nsalu ya pansi ndi thonje zikhale zazikulu kuposa ya pamwamba ndi mainchi osachepera 4 mbali iliyonse, chifukwa makina a longarm amazimangirira pa mipiringidzo. Afunseni eni ake kaye, ena amafuna zoposa pamenepo. Musamange ndi mapini, amafuna magawo atatuwo ali padera. Sitani, dulani timaulusi takumbuyo timene tingaonekere pa nsalu yoyera, ndipo sokani mzere umodzi kuzungulira m'mphepete kuti misoko isamasuke poikoka. Pa sampler ine ndimakonda maluwa osavuta a msoko ndi ulusi wosafuula, chifukwa mabulokowo ali kale ndi zokamba zambiri. Pemphani kuona zofunda zimene anasokapo, ndipo muzitembenuze muone kumbuyo.

Mkombero wa m'mphepete usiyireni nokha. Dulani timizere ta mainchi 2 ndi theka, pindani pawiri, sokani kutsogolo ndi makina, kumbuyo mumalize ndi singano yapamanja chofunda chili pamiyendo. Pakona ya kumbuyo sokanipo kansalu kolembedwa mayina a akwatiwo, chaka, dzina lanu, ndi dzina la amene wasoka pa longarm, chifukwa nayenso wagwira ntchito. Kenako chichapeni musanachipereke. Thonje limakhwinyata pang'ono, chofunda chimafewa n'kuchita timakwinya, ndipo mpongozi wanu akachilandira chochapidwa kale sadzaopa kuchichapanso. Muwauze ndi pakamwa panu kuti n'chofunda, osati chosunga, ndipo za mapewa ndi usiku umene simunagone musawauze.

China n'chakuti anthu a longarm amakhala ndi mzere wa zofunda za ena, ndipo nthawi zina umatenga miyezi. Imbani foni sabata inoyi, musanalumikize ndi mzere woyamba womwe, mumve kuti angakulandireni liti.