Tifunseni: mkulu amene ankayankhula m'malo mwa Bugs Bunny, Daffy Duck ndi anzawo

Mwezi uno mafunso angapo agwera pa nkhani imodzi ya anthu opanga mawu a makatuni, ndiye tangowaika pamodzi.

Funso: Akonzi tiweruzeni. Ine ndi alamu anga takangana mpaka nsima kuzizira, iwo akuti Bugs Bunny, Daffy Duck, kambalame Tweety ndi chimphaka chija Sylvester mawu ake onse ankapanga munthu mmodzi. Ine ndikuti sizingatheke, timawu ta Tweety tingatuluke pakhosi limodzi ndi mawu a chitambala chachikulu chija? *Wowerenga wa ku Chilomoni, Blantyre*

Yankho: Achimwene pepani, mlandu uwu awina ndi alamu anu. Munthuyo analipodi, dzina lake Mel Blanc wa ku America, anabadwa pa 30 May 1908 ku San Francisco koma anakulira ku Portland m'chigawo cha Oregon. Onse mwatchulawo ndi iyeyo, tambala mukunenayo Foghorn Leghorn ndi iyeyonso, ndiye muwonjezerepo nkhumba yachibwibwi ija Porky Pig, Yosemite Sam wa ndevu zofiira wosachedwa kupsa mtima uja, Speedy Gonzales, Pepé Le Pew, Marvin the Martian komanso Tasmanian Devil. Mpake kuti kwawoko ankamutcha munthu wa mawu 1000.

Mkuluyu sanayambire ku makatuni ayi, anayambira pa wailesi mu 1927 ali ndi zaka 19, pa siteshoni ya KGW ku Portland komweko. Mu 1933 anakwatira Estelle ndipo awiriwa anali ndi pulogalamu yawo pa wailesi ya KEX, ndalama zolembera anthu ambiri panalibe ndiye mawu a anthu osiyanasiyana a m'masewero awo ankangopanga yekha, apa ndi pamene khosi lija linaphunzirira ntchito. Mu 1935 anasamukira ku Los Angeles. Mwini wake ankafotokoza kuti anakhala akupita ku situdiyo ya Leon Schlesinger, yomwe inkapangira makatuni kampani ya Warner Bros, kwa nthawi yoposa chaka akungomubweza kuti anthu a mawu tili nawo kale, mpaka mkulu wina woona za sawundi dzina lake Treg Brown anamupatsa mpata womumvetsera chakumapeto kwa 1936.

Mwayi waukulu unabwera ndi Porky Pig. Amene ankayankhula Porky poyamba, Joe Dougherty, anali ndi chibwibwi chenicheni choti sakanatha kuchilamulira, ndiye kujambula mawu kunkatenga nthawi yaitali ndalama n'kumapita zambiri. Mu 1937 ntchito yoyankhula Porky anaipatsa Blanc, ndipo mu katuni yoyamba imene iye anayankhula Porky ndi momwenso Daffy Duck anaonekera koyamba. Bugs Bunny amene timamudziwayu anabwera mu 1940 mu katuni yomwe anatsogolera Tex Avery, ndi kafunso kake kaja ka "What's up, Doc?", ndipo Blanc ankati kayankhulidwe ka kaluluyu anasakaniza ka anyamata a ku Brooklyn ndi a ku Bronx mumzinda wa New York, anthu ochenjera pakamwa osaopa munthu.

Tsono pa nkhani ya Tweety muli ndi mfundo pang'ono. Mawu a Tweety, Daffy, Porky ndi Speedy ankawajambula kaye kenako n'kuwathamangitsa sipidi pa makina kuti akwere m'mwamba. Mawu a Daffy ndi a Sylvester ndi apachibale kwambiri, onse amayankhula mothovola malovu, kusiyana kwake kwakukulu n'koti a Daffy anawonjezeredwa sipidi. Koma musatengere pamenepo n'kumati basi ndiye inali ntchito ya makina, makina angakweze mawu koma sangakupatseni mtima wa Daffy, nsanje yake ija, dyera lake, mmene amapwetekekera akaona kuti anthu akuombera m'manja Bugs osati iye. Mukafuna umboni fufuzani katuni ya mu 1951 yotchedwa Rabbit Fire, muli pena pamene Bugs akunamizira kukhala Daffy ndipo Daffy akunamizira kukhala Bugs, ndiye tamvetserani bwino, simukumva Daffy weniweni ayi, mukumva Bugs akuyesera kuyankhula ngati Daffy, ndipo winayonso chimodzimodzi. Munthu mmodzi kupanga zimenezo, ine mpaka lero ndimachita kubwereza kangapo ndikaipeza.

Ntchitoyi inali ya thukuta ndithu. Karoti amene Bugs amatafuna uja anali karoti weniweni, Blanc ankaluma pafupi ndi maikolofoni, kutafuna, kenako n'kulavulira m'chitini chifukwa kudikira kuti ameze kukanamuchedwetsa mawu otsatira. Yosemite Sam ndiye ankamupweteka pakhosi chifukwa cha kukuwa kuja, moti atakalamba mu filimu ya mu 1988 ya Who Framed Roger Rabbit anayankhula Bugs, Daffy, Porky, Tweety ndi Sylvester koma Sam anamusiyira Joe Alaskey.

Funso: Ndikamaonera makatuni akalewa ndi ana anga, koyambirira ndimangoona dzina limodzi la Mel Blanc pa za mawu. Ndiye kuti ngakhale agogo aakazi osunga Tweety aja analinso bambo yemweyu? *Mayi wa ku Area 25, Lilongwe*

Yankho: Ayi mayi, ndipo mwachita bwino kufunsa chifukwa nkhani imeneyi imandikhudza. Agogo aja poyamba ankayankhula ndi mayi wotchedwa Bea Benaderet, kenako kuyambira cha mu 1955 anatenga June Foray amene anagwira ntchito ya mawu mpaka ukalamba, anamwalira mu 2017 ali ndi zaka 99. Mlenje uja Elmer Fudd anali Arthur Q. Bryan mpaka pamene anamwalira mu 1959. Ngakhale kulira kwa Road Runner kuja anapanga ndi Paul Julian, munthu amene ntchito yake yeniyeni inali yojambula zithunzi za kumbuyo, mapiri ndi misewu ija.

Nanga bwanji dzina limodzi? Nthawi imeneyo opanga mawu sankalembedwa mayina n'komwe, ankangolipidwa basi n'kumapita. Blanc ankafotokoza kuti anapita kwa bwana wake Schlesinger kukapempha kuti amukwezere malipiro, bwanayo anakana, ndiye iye anati chabwino ngati ndalama palibe bola muzilemba dzina langa pa filimu. Bwana anavomera poti sizimamudyera kanthu m'thumba, ndipo pofika 1944 kontrakiti yake inkanena kuti dzina la Mel Blanc lizioneka. Kwa iye zinamuyendera kwabasi, a mawailesi anayamba kumusaka ndi dzina, anatchuka pa pulogalamu ya wanthabwala Jack Benny komwe ankapanga mawu a mphunzitsi wa vayolini, a mbalame yoyankhula, mpaka kulira kwa injini ya galimoto yakutha, ndipo mu 1946 anapatsidwa pulogalamu yakeyake pa wailesi ya CBS.

Koma anzake aja anakhala zaka zambirimbiri akugwira ntchito mu makatuni omwewo mayina awo osaoneka, anthu n'kumaganiza ngati mmene mwaganizira inumu kuti zonse ndi Blanc. Ine sindimuda mkuluyu pa kupempha dzina lake, anachita bwino ndipo anatsegulira njira ena kuti ntchito ya mawu izilemekezedwa. Chimene chimandiwawa ndi choti situdiyo inaona kuti n'zabwinobwino kulemba mmodzi n'kusiya ena, munthu ngati Bryan kumwalira ana mamiliyoni akudziwa mawu ake koma osadziwa kuti ndi ndani. Muwauze anawo mayina amenewa mukamaonera.

Funso: Nanga Tom and Jerry, kukuwa kwa Tom kuja ndi yemweyunso? *Mnyamata wa ku Luwinga, Mzuzu*

Yankho: Kukuwa kotchuka kwa mu makatuni oyambirira a kampani ya MGM kuja ndi William Hanna mwini wake, mmodzi wa anthu awiri amene anayambitsa Tom and Jerry. Blanc analowamo mochedwa, pakati pa 1963 ndi 1967 pamene mtsogoleri wa makatuni Chuck Jones ankawapanga.

Funso: Ndinamva kuti mkuluyu anachita ngozi n'kukomoka ndiye anadzutsidwa ndi Bugs Bunny. Ndi zoona kapena ndi nkhani za pa Facebook? *Bambo wa ku Chipata, Zambia*

Yankho: Bambo ngozi inachitikadi, pa 24 January 1961 mumsewu wa Sunset Boulevard ku Los Angeles, pakona ina yoopsa yomwe anthu ankaitcha Dead Man's Curve chifukwa cha kuchuluka kwa ngozi. Galimoto yake ya Aston Martin inawombana maso ndi maso ndi ina yomwe ankayendetsa mwana wa sukulu ya ukachenjede. Anathyoka miyendo yonse iwiri, mafupa a m'chiuno, chigaza chinasweka, ndipo anagona chikomokere pafupifupi masabata awiri ku chipatala cha UCLA, mkazi wake ndi mwana wawo Noel akumuitana dzina koma osayankha.

Mmene Noel wakhala akufotokozera, tsiku lina dokotala anayesa njira ina, anafika pabedi n'kufunsa kuti Bugs Bunny muli bwanji lero, ndipo patapita kanthawi wodwala uja anayankha motsitsa ndi mawu a Bugs kuti ali bwino, n'kumufunsanso dokotalayo kuti nanga inu. Dokotala anaitananso Tweety, Tweety n'kuyankha. Ndiye kunena kuti Bugs ndi amene anamuchiritsa kungakhale kuwonjezera, anamuchiritsa ndi madokotala ndi miyezi yambiri ya pabedi, koma kuti mawu oyamba anatuluka ndi a kalulu uja, amene analipo amatero.

Mbali imene ine imandigwira mtima kwambiri ndi yotsatira. Nthawi imeneyo kontrakiti yomumanga ku Warner Bros yokha inali itatha mu 1960 ndipo anali atayamba kuyankhula Barney Rubble mu The Flintstones ya kampani ya Hanna-Barbera. Ali chigonere wopanga mawu mnzake Daws Butler anamugwirira Barney magawo ochepa chabe, kenako anzake anangonyamula zida zojambulira mawu kupita nazo komwe anagona, kuchipatala kenako kunyumba, iye ali chagada thupi lonse mu chikhakha maikolofoni italendewera pamwamba pa nkhope, anzake atazungulira bedi ndi mapepala awo m'manja, Barney n'kumaseka kaseko kake kaja ngati palibe chachitika. Anachira, anadzapanganso Mr. Spacely mu The Jetsons, Captain Caveman, Heathcliff ndi ena, ndipo anagwira ntchito mpaka chaka chomwe anamwalira. Anatisiya pa 10 July 1989 ku chipatala cha Cedars-Sinai ali ndi zaka 81, anaikidwa ku manda a Hollywood Forever ndipo pachiliza chake analembapo mawu otsanzikira a Porky aja, "That's All Folks", monga anafunira mwini wake.

Funso: Ine ndili ndi zaka 20, ndimatha kuyerekeza mawu a anthu osiyanasiyana ndipo ndimafuna ndizilowetsa mawu m'mafilimu omasulira m'Chichewa kapena masewero a pa wailesi. Anzanga akuti ndiyambe kusuta kuti mawu akule amveke aulemu. Ndiyambire pati? *Wowerenga wa ku Chinamwali, Zomba*

Yankho: Mng'ono wanga, choyamba za fodyazo zisiyeni kutali, chonde. Blanc yemweyu anayamba kusuta ali ndi zaka 9 ndipo ankamaliza paketi pa tsiku mpaka 1985 pamene anamupeza ndi matenda owononga mapapo a emphysema, anasiya koma mapapo anali atawonongeka kale, ndipo matenda amenewa pamodzi ndi a mtima ndi omwe anamutenga. Ntchito ya mawu imayendera mpweya, mukaononga mapapo mwaononga chida chanu, mawu aakulu amabwera ndi kupuma bwino kuchokera m'mimba komanso kuyeserera tsiku ndi tsiku.

Chachiwiri, kuyerekeza mawu a munthu wotchuka kumaseketsa anzanu pa grawundi koma sikokwanira. Blanc ankayamba waona chithunzi cha kanyamako n'kufunsa kuti khalidwe lake ndi lotani, ndi kamantha, kodzimva kapena kadyera, mawu ankabwera pambuyo. Inunso tengani foni yanu, lembani kasewero ka mphindi ziwiri ka anthu atatu, kaya kondakitala, gogo wokwera ndi thumba la chimanga ndi mwana wasukulu wopanda chenji, mujambule nokha mawu onse kenako mupatse munthu amene sakudziwa kuti ndi inu amvere. Akatha kusiyanitsa atatuwo osaona nkhope, ndipo akamva kuti gogoyo watopadi, muli panjira. Muzimvera anthu mu minibasi ndi pamsika, mmene wa ku Nsanje amakokera mawu mosiyana ndi wa ku Kasungu, koma mukamawayerekeza muziwapatsa ulemu osati kuwanyoza. Lowani gulu la zisudzo la kutchalitchi kapena la m'dera lanu, ndipo mawailesi a m'madera ndi malo abwino okagogoda ndi zimene mwajambulazo.

Chomaliza ndi cha mapepala. Blanc ndi amene anapanga kuseka kwa Woody Woodpecker mu 1940, anayankhula makatuni ochepa oyambirira n'kuchoka, koma situdiyo ya Walter Lantz inapitiriza kugwiritsa ntchito kuseka kuja zaka zambiri, iye anakasuma kukhoti n'kuluza, anadzangogwirizana kunja kwa khoti pambuyo pake. Ndiye wina akakuitanani kuti mulowetse mawu, ngakhale akhale mnzanu wa pa ghetto, mugwirizane polemba kuti akulipirani zingati, mawuwo akawagwiritsa ntchito pati ndi kwa nthawi yaitali bwanji, komanso kuti dzina lanu lilembedwa. Mukajambula kasewero kaja titumizireni kuno tidzakamvere.