Voisi ya kwa msuweni: za dzina la mwana zija

Alo... eee, ikujambula? Chabwino. Msuweni, ndi ine. Funso lako ndaliona m'mawa pagulupa, koma ndinali pa njinga kuchokera ku Sorgin, ndiye dzuwa la lero, iwe, foni imachita kutentha m'thumba ngati mbatata yootcha. Kulemba sindingathe, zala zanga ukuzidziwa. Ndingoyankhula, amene atope adumphe.

Wafunsa kuti, dikira ndiwerenge... "Kodi dzina la bambo pa mwana amasintha bwanji ngati bambowo kulibe?" Basi. Mwaulemu, ngati ukufunsira mnzako wa kutchalitchi. Haha! Iwe, pagulu pano tilipo anthu a mtundu umodzi. Tonse tamva kuti Loweruka kunabwera alendo ochokera kwa Tengani, atatu, wina atavala jekete kutentha konseku. Ndiye Lolemba iwe n'kuyamba kufunsa za maina. Ine si mwana.

Komabe ndiyankha. Kusintha kumatheka, eya. Za maina a ana zili ku NRB, a kaundula ndi ziphaso za unzika aja, ofesi yawo ili kwa DC paboma. Kamnyamatako kanabadwa... 2014 eti? Ayi ndanama, 2015, chaka cha madzi aja, paja unali ndi pakati tili kukampu. Eya. Chaka chimenecho mpamene boma linayamba kukakamiza zoti mwana aliyense azilembedwa m'kaundula akabadwa, ndiye kaone kaye ngati setifiketi yobadwira unatenga, kapena uli ndi khadi la kusikelo lokha. Zimenezi n'zosiyana, usazisakanize.

Koma ndisanapite patali, mmm, nkhani ya maina ikandipeza ine ndimakumbuka amalume. Osati bambo ako, Mulungu awasunge, ndikunena bambo ako aang'ono, a ku Bangula. Ana a masiku ano pagulupa sakuidziwa nkhaniyi, ndiye tamverani.

Amalume ankafuna kupita ku Joni, kumigodi. Paja Kamuzu anatseka Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi lija, mu 1974 ndege ija itagwa ku Francistown, ndiye atatsegulanso mu 1977, pa dzina la TEBA, anyamata onse kuno mitima inali m'mwamba. Amalume zaka zinali zisanakwane, ndevu kulibe, msonkho asanayambe kudula. Ndiye anatani? Anangotenga chiphaso cha msonkho cha bambo ako m'sutikesi, usiku, n'kukwera sitima pa Bangula. Nthawi imeneyo sitima inkayenda, njanji ya pa Chiromo isanakokoloke mu 1997. Kufika ku Blantyre, kufunsidwa dzina, n'kutchula la mkulu wawo osaphethira. Kuyambira tsiku limenelo, m'mabuku a kumgodi munthu amene ankakumba pansi anali bambo ako. Pamene bambo ako enieniwo ali phee kudimba, akulima mbatata.

Poyamba zinkakoma. Kubwera ndi wailesi, njinga, suti ya mabatani ambiri ija inali pachithunzi cha kwa agogo. Vuto linayamba ndi kalata. Haha, dikira ndimwe madzi... Kunabwera kalata kuchokera ku Joni, pa envulopu dzina la bambo ako, m'kati mwake mayi wina akudandaula kuti bwanji wasiya kundilembera. Amene anaitsegula ndani? Mayi ako! Iwe unali usanabadwe. Bambo ako, munthu woti ngakhale ku Limbe ankapita kamodzi pa chaka, anagona kukhitchini sabata yathunthu chifukwa cha chibwenzi cha ku Joni. Mpaka ankhoswe kukhala pansi. Agogo ndi amene anaulula, akuseka mpaka misozi.

Koma kuseka kunatha. TEBA inasiya kutenga Amalawi mu 1988, amalume n'kubwerera kwa mkazi wawo, n'kuyambiranso dzina lawo. Mu 2017 polembetsa ziphaso za unzika analembetsa dzina lawo lenileni, bwinobwino. Ndiye itamveka nkhani yoti amene anagwira ntchito kumigodi akalembetse, mwina kungabwere kangachepe, anatulutsa mapepala awo a mupulasitiki aja, amene anawapulumutsa pa madzi atawamanga pamutu. Pepala likunena munthu wina, chiphaso chikunena munthu wina. Mwini dzina anamwalira. Ndinawaperekeza ine, kawiri, ayi katatu: kwa amfumu kukatenga kalata, kukhoti kukalumbira kuti anthu awiriwa ndi munthu mmodzi, kubwerera, kupitanso. Tili pa benchi tsiku lina akutsokomola, n'kundiuza kuti, "Mphwanga, dzina linali la achimwene, koma chifuwachi ndinabwera nacho ndi changa." Ndinasowa choyankha.

Eee... ndimati chiyani paja? Eya, za iwe.

Ukapita kwa DC, chinthu choyamba akakufunsa n'choti bambo ake ali kuti, ndipo akudziwa? Iwe ukati anapita ku Joni mwana akukwawa, foni anasintha. Iwo aja si oweruza, sangangofufuta dzina la munthu chifukwa iwe wakwiya, ngakhale mkwiyo wako uli ndi chifukwa. Pamene kholo lina palibe, kapena likukana, nkhani imathera kwa majisitireti, ndipo kumeneko sayang'ana zoti wakulakwira ndani, amayang'ana chimene chili chokomera mwanayo. Zili m'malamulo aakulu a dziko, gawo 23, lomwe limanenanso kuti mwana ali ndi ufulu wokhala ndi dzina lake ndi la banja, komanso wodziwa makolo ake. Ndiye konzeka kufotokoza: anachoka liti, anatumizapo chiyani, unamufunafuna bwanji. Mauthenga aja usafufute. Kalata ya amfumu, kalata ya kusukulu, upite nazo. Uyambire kwa a zachisamaliro cha anthu, a Social Welfare, ali konko paboma, ndi amene amadziwa khomo loyenera kugogoda.

Koma msuweni, tamvera, ndipo apa ndatsitsa mawu. Iwe chimene chikukusowetsa tulo si dzina. Iwe ukuopa kuti akutengera mwana. Anthu a jekete aja anabwera kudzanena kuti tinapereka ng'ombe, mwana ndi wathu, akakhale kwa atate ake aang'ono, si choncho? Ndiye iwe ukuganiza kuti ukachotsa dzina lawo pa pepala ndiye kuti wadula chingwe. Sichiduka. Ukhoza kumupatsa dzina la bambo ako, la agogo, ngakhale langa, haha, ndingakondwe, paja unayenera kukwatiwa ndi ine ukanakhala ndi maso... koma pamaso pa lamulo bambo wake akhalabe yemwe uja. Chimene chingakutchinjirize ndi pepala la khoti lonena kuti mwanayu azikhala ndi mayi ake. Limenelo ndiye upemphe. Ndilo lomwe ungaonetse munthu akabwera pakhomo, kaya kupolisi akamutenga mokakamiza.

Kwawo ndi Asena, amayendera lobola, mwana ndi wa kuchimuna. Ife Amang'anja mwana ndi wa kuchikazi, mwini mbumba ndi malume. Mukakhala pansi pa mtengo mudzakangana mpaka dzuwa kulowa, aliyense ali ndi mwambo wake. Kukhoti ng'ombe ziwiri, ndipo inayo sanamalize n'komwe, tisanamizane, sizigula mwana. Amafunsa kuti wamulera ndani, akuphunzira kuti, akadwala amamutengera kuchipatala ndani.

Ndipo pali china, usandidule. Gawo 23 lomwe lija likuti kholo lizisamalira mwana wake, kaya banja lilipo kaya linatha. Pali lamulo la 2010 la chisamaliro ndi chitetezo cha ana, ukhoza kukasuma kuti azipereka ya chakudya ndi ya sukulu. Komanso mawa munthuyo atamwalira, mwanayu ali ndi gawo pa chuma cha bambo ake, lamulo la 2011 la chuma cha masiye likutero. Kusintha dzina sikumuchotsera zimenezo, ayi, koma taganiza, setifiketi dzina lina, kusukulu dzina lina, achibale aja n'kumati uyu sitikumudziwa. Udzakhala pa benchi ija ngati amalume.

Ndiye ndibwereze, chifukwa ndikudziwa ukumvera uku ukuphika: funa kaye pepala loti mwana akhale ndi iwe. Dzina libwere pambuyo, ngati udzalifunebe mtima utazizira.

Ukadzafunadi, chitiratu asanalembetse mayeso a Sitandade 8, chifukwa dzina likalowa ku MANEB limatsatira munthu mpaka Fomu 4, kenako chiphaso cha unzika akakwana zaka 16, zonse zimafunika zifanane. Osangokauza aphunzitsi kuti lembani lina m'kaundula, setifiketi ili ndi lina. Ndipo kamnyamatako kafunse. Kakula, kamadziwa kulemba dzina lake pa kope, anzake a mpira amakaitana ndi dzina lomwelo.

Achimwene a ku Nchalo, ndikudziwa mukumvera mwakachetechete, inu ndiye malume ake a mwanayu, nkhani iyi ndi yanu, musangoika chala cha m'mwamba pagulu. Anthu aja akadzabweranso asadzapeze mlongo wanu ali yekha.

Msuweni, wandimva eti? Khoti kaye, za kukhala ndi mwana. Osati dzina. Lachinayi ndikupita paboma kukatenga simenti, ukafuna tikwere limodzi, koma ya minibasi ulipira wekha, ine ndinasauka ndi maulendo a amalume. Ubwere ndi khadi la kusikelo ndi chilichonse chimene chili ndi dzina lake. Dikira... iwe! Tseka chitseko cha khola, mbuzi zikulowa m'munda mwa eni! Msuweni, ndikuimbira madzulo.