Kodi Ntchito ya Ulemu wa Dziko ndi Mamendulo N'kutaya Maphunziro?

Mayi wina wandilembera za mwana wake wamkazi amene akumaliza digiri ya mbiri yakale ndi kayendetsedwe ka boma. Mwanayo anamva kuti m'boma mumakhala nthambi yoona za ulemu umene dziko limapereka kwa nzika zake, mamendulo a asilikali, ndiponso mphoto za anthu amene aika moyo wawo pachiswe populumutsa anzawo, ndipo mtima wake wakhazikika pomwepo. Mayiyo akudandaula kuti mwana amene amuvutikira zaka zonsezi akufuna kukathera pa ntchito yokonza miyambo ndi kupachika zitsulo pa zifuwa za anthu. Akufunsa ngati ntchitoyi ili ndi tsogolo, komanso kuti munthu amalowamo bwanji.

Mayi, nkhawa yanu ndaimva, ndipo ndikudziwa kumene yachokera. Chimene tonsefe timaona ndi tsiku la mwambo, pamene mtsogoleri wa dziko akuveka munthu mendulo, achibale akuomba m'manja, atolankhani akujambula. Koma tsikulo ndi mathero a ntchito ya miyezi yambiri, nthawi zina ya zaka, ndipo anthu amene mwana wanu akufuna kukhala mmodzi wa iwo kawirikawiri saonekera n'komwe pa tsikulo. Ntchito yawo ndi kupenda umboni, kulemba mfundo zoyendetsera ulemuwo, ndi kulangiza akuluakulu za amene ayenera kulandira ndi amene sayenera. Imeneyi ndi ntchito ya ndondomeko za boma ngati ina iliyonse, kungoti chimene chikugawidwa apa si ndalama kapena malo, koma mawu a dziko lonse onena kuti munthu uyu wachita chinthu chofunika kukumbukiridwa.

Mayiko ambiri ali ndi ofesi yotere, ndipo imakhala pafupi kwambiri ndi mtsogoleri wa dziko. Ku Britain ntchitoyi imayendetsedwa ndi nthambi ya mu Cabinet Office, ofesi yothandiza nduna yaikulu ndi nduna zake, ndipo mndandanda waukulu wa olandira ulemu umatuluka kawiri pachaka, pa chaka chatsopano ndi mu June pokumbukira kubadwa kwa mfumu. Ku South Africa ofesi yake ili pansi pa ofesi ya mtsogoleri wa dziko, ndipo pali bungwe la alangizi limene limapenda mayina lisanawapereke kwa iye. Ku France ulemu wotchuka wa Légion d'honneur, umene anayambitsa Napoleon mu 1802, uli ndi likulu lakelake loyang'anira malamulo ake. Mayina a maofesi ndi osiyana, koma ntchito ya tsiku ndi tsiku imafanana. Ku Britain, mwachitsanzo, kuyambira mu 1993 munthu wamba aliyense angathe kupereka dzina la mnzake, bola pakhale makalata osachepera awiri ochokera kwa anthu ena ovomereza zimene wanenazo. Ogwira ntchito mu ofesiyo amawerenga zonsezo, amafufuza ngati n'zoona, amafunsa ku nthambi ya misonkho ndi kupolisi ngati munthuyo alibe mlandu wobisika, ndipo amalemba chidule chimene komiti ya anthu oima paokha idzagwiritse ntchito posankha. Wosankhidwayo amafunsidwa mwachinsinsi ngati akuvomera kulandira dzina lake lisanalengezedwe, popeza ena amakana.

Mbali imene ndikufuna kuti muione bwino, mayi, ndi ya mphoto za kulimba mtima, chifukwa m'menemo ndi mmene mukuonekera kulemera kwa ntchitoyi. Tiyerekeze kuti pa tebulo la mwana wanu pafika fayilo ya bambo amene analowa m'nyumba yoyaka moto n'kutulutsa ana awiri. Aliyense womva nkhaniyi anena kuti bamboyo ndi ngwazi, ndipo sakulakwa. Koma mphoto zotere zimakhala ndi magawo, ndipo wogwira ntchitoyo ayenera kulangiza komiti gawo loyenera. Choncho amakhala pansi ndi lipoti la apolisi, lipoti la ozimitsa moto, kalata ya kuchipatala ndi mawu a mboni, n'kuyamba kufunsa mafunso amene munthu wamba angawaone ngati ankhanza. Kodi bamboyo ankadziwa kukula kwa ngozi pamene ankalowa, kapena anaganiza kuti ndi utsi chabe? Kodi anali ndi mpata wobwerera koma anasankha kupitirira? Analowa kamodzi, kapena atatulutsa mwana woyamba, atapsa kale manja, anabwereranso m'motomo? Kodi anali wophunzitsidwa kuzimitsa moto ndipo anali ndi zovala zodzitetezera, kapena anangovula malaya n'kudziphimba kumaso? Mboni ina ikuti denga linali litayamba kugwa, ina ikuti linagwa iye atatuluka kale, ndipo kusiyana kwa mphindi ziwiri kumeneku kungasinthe gawo la mphoto. Akatha zonsezi ayenera kutsegulanso mafayilo akale kuti aone zimene ena ochita zofanana analandira, chifukwa si chilungamo kuti wina alandire mendulo yapamwamba chifukwa nkhani yake inafala pa intaneti, pamene mnzake amene anachita zomwezo kumalo kopanda wojambula analandira kalata yoyamikira yokha.

Ndinene mosabisa kuti mbali yowawa ya ntchitoyi ili pomwepa. Nthawi zina wopulumutsayo anafera m'ngoziyo, ndipo amene akudikira yankho ndi mkazi wake kapena makolo ake. Ngati umboni sukukwanira, wina ayenera kulemba kalata yofotokoza zimenezo mwaulemu, mopanda kunama komanso mopanda kuchepetsa imfa ya munthuyo. Kulemba kalata yotereyo kumafuna mutu wozizira ndi mtima wachifundo nthawi imodzi, ndipo si aliyense amene ali nazo zonse ziwiri.

Kenako pali ntchito ya mfundo zenizenizo. Mamendulo ambiri anayamba chifukwa wina anaona kuti pali anthu amene malamulo akale sankawafikira. Ku Britain, mendulo ya Victoria Cross inakhazikitsidwa mu 1856 kuti msilikali wa udindo uliwonse athe kulemekezedwa chifukwa cha kulimba mtima pamaso pa adani. Mu 1940, pamene mizinda ya Britain inkaphulitsidwa ndi mabomba ndipo anthu wamba ankafukula anzawo m'mabwinja, Mfumu George VI inakhazikitsa George Cross kuti ungwazi wochitika kunja kwa bwalo la nkhondo nawonso ukhale ndi ulemu wapamwamba. Mu 2024 dzikolo linalengeza Elizabeth Emblem, chizindikiro choperekedwa kwa achibale a apolisi, ozimitsa moto ndi ena ogwira ntchito zothandiza anthu amene anafera pa ntchito. Chinthu chotere chisanalengezedwe pamakhala anthu amene alemba ndi kulembanso kuti woyenera ndani, malire ake ali pati, chiyambira chaka chiti, ndipo wachibale wolandira akhale uti pamene achibale sakugwirizana.

Funso lovuta kuposa onse pa mfundozi ndi la zakale. Maboma ambiri safuna kubwerera m'mbuyo kukaweruzanso zimene zinachitika kalekale, ndipo ku Britain kwakhala kuli mfundo yoti nkhani ya mendulo isatsegulidwenso pakapita zaka zisanu. Chifukwa chake n'chomveka: mboni zimamwalira, anthu amaiwala, ndipo amene anaweruza pa nthawiyo ankadziwa zambiri kuposa ife. Koma bwanji ngati amene anaweruzawo anali ndi tsankho? Ku United States palibe msilikali wakuda ngakhale mmodzi amene analandira Medal of Honor, mendulo yapamwamba kwambiri ya asilikali a dzikolo, chifukwa cha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mpaka mu 1997, pamene kafukufuku wa m'mafayilo akale anachititsa kuti asilikali 7 apatsidwe ulemuwo. Mwa iwo, Vernon Baker yekha ndiye anali moyo kuti alandire ndi manja ake. Anthu oposa 600 a ku South Africa, ambiri a iwo akuda amene ankapita kukagwira ntchito zothandiza pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, anamira pamene sitima ya Mendi inagundidwa ndi sitima ina pa 21 February 1917, ndipo anzawo akuda a ku South Africa a m'gulu lomwelo amene anabwerera kwawo sanapatsidwe mendulo ya nkhondoyo. Dzikolo litasintha ulamuliro n'kukonzanso maulemu ake, mphoto yake ya kulimba mtima inatchedwa dzina la Mendi. Ngakhale ku Britain komwe, boma linapempha Sir John Holmes, kazembe wakale wa dzikolo, mu 2012 kuti aunikenso mfundo za mamendulo a asilikali, ndipo zotsatira zake zinali zoti amalinyero amene ankaperekeza sitima za katundu m'nyanja zozizira za kumpoto pa nkhondo yachiwiri analandira mendulo ya Arctic Star patapita zaka pafupifupi 70. Mwana wophunzira mbiri yakale, wodziwa kufufuza m'nkhokwe za zolembedwa ndi kusiyanitsa umboni ndi mphekesera, ndi amene amafunika pa ntchito ngati imeneyi, ndipo ine sindiona kuti digiri yake ingatayike pamenepo.

Palinso nkhani ya katangale, imene mwana wanu ayenera kuidziwa asanalowe. Ulemu ndi chinthu chimene olemera amachisirira ndipo andale amafuna kuchigwiritsa ntchito pothokoza owathandiza. Pa nthawi ya nduna yaikulu David Lloyd George maulemu ankagulitsidwa poyera, mpaka Britain inakhazikitsa lamulo loletsa zimenezi mu 1925, ndipo Maundy Gregory, amene ankachita malondawo, anapezeka wolakwa mu 1933. Ulemu umathanso kulandidwa: Robert Mugabe analandidwa ulemu wa Britain mu 2008, ndipo Fred Goodwin, amene ankatsogolera Royal Bank of Scotland, analandidwa wake mu 2012 bankiyo itagwa m'mavuto aakulu. Wogwira ntchito mu ofesi yotere adzakumana ndi tsiku limene munthu wamphamvu adzafune kuti dzina lina lidutse mosatsata njira. Chitetezo chake pa tsikulo ndi mfundo zolembedwa bwino ndi fayilo yosungidwa mwadongosolo, yoonetsa amene ananena chiyani ndi liti.

Tsopano ndilankhule ndi iwe mwana wanga, popeza ndikudziwa kuti mayi ako akuwerengera yankho ili. Chokhumba chako n'chabwino, koma uyenera kudziwa kuti maofesi amenewa ndi aang'ono, malo amapezeka mwa apo ndi apo, ndipo kawirikawiri salemba munthu wongochoka kumene ku yunivesite. Palibe digiri ya mamendulo. Njira yake ndi kulowa ntchito ya boma kudzera pa khomo limene onse amalowera, kaya ndi mayeso kaya ndi kufunsira malo olengezedwa, kenako n'kudzipangira mbiri pa ntchito ya ndondomeko, ya ulembi wa makomiti, ya kusunga zolembedwa, kapena m'nthambi zoona za chitetezo ndi za ofesi ya mtsogoleri wa dziko. Malo akadzatseguka, adzayang'ana munthu amene waonetsa kale kuti amatha kulemba chidule cha tsamba limodzi kuchokera m'fayilo ya masamba 60 popanda kupotoza kanthu, amene amalemba bwino zokambirana za pamsonkhano, ndiponso amene sanatulutsepo chinsinsi cha ofesi. Ngati uli ndi mpata wosankha maphunziro owonjezera, ndingakulangize malamulo okhudza kayendetsedwe ka boma ndi luso lowerengera ziwerengero. Lachiwirili anthu amalinyalanyaza, koma masiku ano maofesi amenewa amafunsidwa kuti mwa olandira ulemu akazi ndi angati, ochokera kumadera akutali ndi likulu ndi angati, ndipo chifukwa chiyani anthu a maudindo akuluakulu amachuluka kuposa anamwino ndi aphunzitsi. France inafika poika mfundo yoti pa mndandanda wa anthu wamba olandira Légion d'honneur amuna ndi akazi azikhala ofanana chiwerengero.

Malipiro ake ndi a ntchito ya boma malinga ndi giredi yako, osaposa pamenepo, ndipo dzina lako silidzatchulidwa pamene wina akuvekedwa mendulo imene iwe unaivutikira. Udzadziwa miyezi ingapo pasadakhale kuti munthu wakuti alandira ulemu, mwina munthu amene mayi ako amamukonda kwambiri, ndipo sudzawauza. Za tsogolo, mayi asade nkhawa: munthu amene wagwirapo ntchito pafupi ndi nduna ndi makomiti akuluakulu, wodziwa kulangiza pa nkhani zovuta ndi kusunga chinsinsi, amafunidwa m'nthambi zina zambiri za boma, ndipo ambiri amakhala mu ofesiyo zaka zingapo kenako n'kupita kwina atakwera.

Pali chinthu chimene ungayambe sabata ino. Mawu ofotokoza zifukwa zoperekera mphoto za kulimba mtima amasindikizidwa poyera, ndipo a ku Britain amapezeka pa intaneti mu London Gazette, nyuzipepala ya zilengezo za boma. Sankha nkhani zisanu za magawo osiyana, ubise gawo limene aliyense analandira, uwerenge zimene anachita, ndipo ulembe wekha gawo limene ukanalangiza pamodzi ndi zifukwa zako m'ndime imodzi. Kenako uyerekeze ndi zimene komiti inagamula. Pamene wasiyana nayo, bwerera ku nkhaniyo ndipo ufufuze chimene iwo anaona chimene iwe sunachione, kapena chimene ukuganizabe kuti iwo analakwitsa, n'kulemba zimenezonso. Ukadzaitanidwa kukafunsidwa mafunso a ntchito, upite ndi masamba amenewo m'manja.