Kodi kamba wam'madzi akakula tikamutaye padziwe?

Mayi wina amene amakhala ku London wandilembera kalata pa imelo kufunsa ngati n'kulakwa kukasiya kamba wam'madzi wa mwana wawo padziwe la kumalo osungirako zachilengedwe, popeza wakula ndipo sakukwananso m'thanki yake yagalasi. Mayi, funso lanuli landikhudza chifukwa akamba oterewa ndimawaona kawirikawiri, ndipo sindikondwa nawo mmene amakondwera anthu ena odutsa.

Nyengo yotentha ikafika ndimakonda kukayenda ku Hampstead Heath, paki yaikulu ya ku London yokhala ndi maiwe, ndipo dzuwa likawala akamba amatuluka n'kukwera pazipika zoyandama kuti awothere. Ana amawaloza mosangalala, makolo n'kumawajambula pafoni poganiza kuti ndi nyama zakomweko, chonsecho kwawo kwenikweni ndi kum'mwera kwa United States, m'chigwa cha mtsinje wa Mississippi. Ambiri mwa iwo ali ndi kamzere kofiira kuseri kwa diso, ndipo ndikhulupirira kuti wanuyo ndi wamtundu womwewo kapena m'bale wake wa mimba yachikasu. Tsiku lina ndinacheza ndi bambo wina wodzipereka pantchito yosamalira maiwe, amene anandifotokozera kuti akambawa amadya ambululu, tinsomba ndi tizilombo tam'madzi, komanso amakwera pazisa za mbalame zam'madzi pofuna dzuwa. Chimene chinkawawawa kwambiri bambowo n'chakuti aliyense wobweretsa kamba amabwera mobisa, ndipo amachoka akudziona ngati wachita chifundo.

Vutoli linakula chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pamene ana ku Britain anatengeka ndi makatuni a akamba omenya nkhondo ndipo makolo anawagulira tiakamba tating'ono ngati ndalama yachitsulo. Ogulitsa sankanena kuti wamkazi amakula mpaka chigoba chake kufika masentimita pafupifupi 30, kapena kuti akhoza kukhala ndi moyo zaka zoposa 30, kutanthauza kuti mwana amene analirira kambayo amakula, kukwatira ndi kusamuka, kamba akadali m'nyumba ya makolo. Mu 1997 mayiko a European Union analetsa kuitanitsa akamba a kamzere kofiira, koma amalonda anangoyamba kubweretsa a mimba yachikasu, mpaka mu 2016 pamene kugulitsa ndi kuswetsa mtundu wonsewo kunaletsedwa. Choncho ine mlandu waukulu ndimauika pa amalonda, koma zimenezo sizikumasulani inu, chifukwa lero kambayo ali m'manja mwanu.

Ndinene mosapita m'mbali kuti kumutaya padziwe si kumupatsa ufulu. Kuzizira kwa kuno ku Britain kumachititsa kuti mazira awo asamaswe kawirikawiri, ndipo kamba amene anazolowera madzi ofunda ndi chakudya chopatsidwa akhoza kudwala n'kumafa pang'onopang'ono popanda womuona. Akapulumuka, ndiye kuti kwa zaka zambiri adzakhala akudya zamoyo zimene malowo anakhazikitsidwira kuti aziteteze, ndipo malo otere m'mizinda ndi ang'onoang'ono kwambiri moti sangapirire mlendo aliyense amene watopetsa mwini wake.

Kwathu nakonso zilipo

Ku Lilongwe Wildlife Centre, pakati penipeni pa mzinda, amalandira apusi ndi anyani amene anthu anagula m'mbali mwa msewu ali ana, n'kuwamangirira pachingwe atayamba kuluma. Kusiyana kwake n'kwakuti nyamazo ndi za m'dziko momwemo, motero zikachira ndi kuzolowerana ndi zinzake, zina zimakamasulidwa kunkhalango ngati ya Kasungu. Kamba wa ku Mississippi amene wakulira m'nyumba ku London alibe mwayi umenewo, pakuti palibe dziwe lililonse ku Britain limene tinganene kuti ndi kwawo.

Tsono yankho langa, mayi, ndi lakuti musamutaye, ndipo dziwani kuti lamulo la ku Britain la Wildlife and Countryside Act la 1981 limaletsa kumasulira kutchire nyama zosakhala za m'dzikoli. Ngati malo alipo, mugulireni thanki yaikulu yokhala ndi sefa yabwino, nyale yotenthetsa ndi pouma pokwerapo. Ngati simungathe, lankhulani ndi a bungwe loteteza nyama la RSPCA kapena a National Centre for Reptile Welfare, malo osamalira nyama zokwawa m'chigawo cha Kent, ndipo mukhale okonzeka kudikira chifukwa malo olandirira akamba amadzaza msanga. Podikirapo muzisamba m'manja mukamugwira kapena mukasintha madzi ake, popeza akamba amatha kukhala ndi tizilombo ta salmonella timene timadwalitsa kwambiri ana aang'ono.